“Yandiphera ndi timu imodzi yokha”

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri moti ndikhoza kuwabwereza ndili mtulo. Mu minibasi Lolemba m’mawa, kometetsa, pachiwaya cha tchipisi, ngakhale kuseri kwa tchalitchi mapemphero akatha, mupeza mnyamata akuonetsa anzake foni nkhope ili yowawa: “Man, dzulo ndikanadya K400,000. Yandiphera ndi timu imodzi yokha.” Anzakewo n’kumapukusa mitu ngati afika pamaliro.

Mwezi wathawu ndinawamva m’nyumba mwanga momwe. Wolankhulayo anali mwana wa mlongo wanga, wa zaka 16, yemwe ali Fomu 3. Mayi ake anamutumizira K15,000 pafoni kuti agule nsapato za kusukulu. Patadutsa sabata ziwiri, nsapato osaoneka. Titamupanikiza anaulula kuti ndalamazo zinapita ku beti, pang’onopang’ono, K500 lero, K1,000 mawa. Chomwe chinandidabwitsa si kutha kwa ndalamazo ayi, koma momwe ankazifotokozera. “Amalume, sikuti ndaluza kwenikweni. Ndimangotsala pang’ono. Kanayi konse, timu imodzi yokha.”

Mwanayu si chitsiru. Masamu amakhoza bwino kuposa momwe ine ndinkakhozera pamsinkhu wake. Ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa inu amene mukuwerenga izi pafoni, mwina app ya beti ili yotsegula kumbali, simuli zitsiru. N’chifukwa chake sindikulalikirani. Za uchimo muzikamva kwa abusa ndi mashehe, ndi ntchito yawo. Ine ndikufuna tingotenga kakyuleta, tione ngati zomwe timauzana pankhani ya kubetcha zikuima.

Tiyambe ndi timu imodzi ija. Tinene kuti mwaika magemu 10 patiketi imodzi, ndipo ndinu katswiri woti gemu iliyonse mumalosera molondola ka 7 pa ka 10. Kumeneko n’kudziwa mpira kwenikweni, ambirife sitifika pamenepo. Kuti tiketi yonse ilowe, mukuyenera kuchulukitsa 0.7 ndi 0.7 mpaka ka 10. Yesani pafoni yanuyo. Mupeza 0.028. Tanthauzo lake n’lakuti pa matiketi 100 otere, olowa ndi atatu okha. Tsono nachi chosangalatsa: mwayi woti mulondole magemu 9 n’kuphonya imodzi yokha ndi pafupifupi 12 pa 100. Ndiye kuti tiketi yophedwa ndi timu imodzi imabwera kanayi kuposa tiketi yolowa. Kutsala pang’ono komwe mphwanga ankadzitama nako ndi momwe tiketi ya magemu ambiri imathera mwachizolowezi. Palibe chomwe kukulosera za sabata ya mawa.

Koma mtima sumva choncho. Akatswiri a za ubongo ku yunivesite ya Cambridge, motsogozedwa ndi Luke Clark, anaonetsa mu 2009 kuti munthu akaphonya pang’ono pamasewera a juga, mbali zina za ubongo zomwe zimayaka akawina zimayakanso, ndipo chilakolako chopitiriza chimakula. Waluza, koma thupi likumuuza kuti wayandikira. Tiketi yoti magemu 9 ali obiriwira, imodzi yofiira, imakubwezera ku shopu msanga kuposa tiketi yofiira yokhayokha.

Apa wina anena kuti, “Iwe mkulu, ine mpira ndimaudziwa. Ndimatsata mafomu, ndikudziwa wovulala, ndikudziwa timu yomwe siwina koyenda.” Sindikana, kudziwa mpira kumathandiza pang’ono, ndipo beti ya mpira siyofanana ndi kuponya mayere. Vuto n’lakuti zonse zomwe inu mukudziwazo kampani inazidziwa kale, inaziika kale mu ma odds. Kuvulala kwa straika komwe mwaona pa Facebook m’mawa uno, makompyuta awo anakuwerengera dzulo usiku. Ndipo pamwamba pa zonsezo amachotsapo gawo lawo.

Gawo lawolo limagwira ntchito motere. Oyimbira mpira akaponya kandalama m’mwamba, mbali iliyonse ili ndi mwayi wofanana. Beti yachilungamo ikanalipira 2.00, kutanthauza kuti ukaika K1,000 n’kuwina, ulandira K2,000. Kampani siyingakupatseni 2.00. Ikupatsani mwina 1.90. Anthu 100 aike K1,000 aliyense, theka mbali iyi, theka mbali inayo. Kampani yatolera K100,000. Owina 50 aja iwapatsa K1,900 aliyense, zonse pamodzi K95,000. K5,000 yatsala m’thumba mwake, kaya kandalamako kagwera mbali iti. Kampani siichemerera Bullets, siichemerera Noma, siichemerera Arsenal. Chomwe imafuna n’choti anthu obetcha achuluke basi.

Tsono mukaunjika magemu patiketi imodzi, kagawo kaja kamachotsedwa pagemu iliyonse. Ngati ndi 5 peresenti pagemu, tiketi ya magemu 10 imabweza pafupifupi K600 pa K1,000 iliyonse yomwe anthu aika. Ya magemu 15 siifika ndi theka lomwe. Munayamba mwadzifunsapo chifukwa chomwe amakuwonjezerani bonasi mukaika magemu ambiri? Munthu wogulitsa samakukakamiza kugula chinthu chomwe iye akuluzapo.

Ndiponso mpira weniweniwo ndi wopanda ulemu. Mu January 2010 ku Angola, ma Flames anakutumula Algeria 3-0, Algeria yomwe inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Mu 2016 Leicester City inatenga ligi ya ku England pomwe makampani a beti ankati mwayi wake unali 1 pa 5,000. Mu November 2022 ku Qatar, Saudi Arabia inagonjetsa Argentina ya Messi 2-1, Argentina yomweyo n’kukatenga chikho. Zotere ndi zomwe zimatikondetsa mpira, ndipo ndi zomwenso zimapha matiketi. Ngati kudziwa mpira kukanakhala chishango, Ivan Toney ndi Sandro Tonali sakanagweramo. Awa ndi anthu odya ndi kugona mpira, omwe amalowa m’zipinda zosinthira zomwe ife timangoziona pa TV. Mu 2023 Toney, ali ku Brentford, analetsedwa kusewera kwa miyezi 8 chifukwa cha kubetcha, Tonali wa Newcastle miyezi 10, ndipo onse awiri zinadziwika kuti juga inali itawalowerera mpaka kufuna thandizo. Malipiro awo a sabata imodzi ena a ife sitidzawaona moyo wonse, ndiye sanali kubetcha chifukwa cha njala.

Mpira tiusiye kaye, chifukwa masiku ano chomwe chikumaliza ndalama za ana asukulu mwachangu ndi kandege. Beti ya mpira umadikira mphindi 90, nthawi zina weekend yonse. Aviator, yomwe inapangidwa ndi kampani ya Spribe mu 2019, raundi yake imatha m’masekondi. Kandege kamanyamuka, nambala ikukwera, iwe uyenera kutulutsa ndalama kasanathawe. Pachifukwa choti chala chako ndi chomwe chimadina, umaona ngati uli pachiwongolero. Zoona zake n’zakuti malo omwe kandegeko kathawire amakhala atasankhidwa kale ndi kompyuta kasananyamuke n’komwe.

Eni masewerawa amanena okha poyera kuti amabweza 97 peresenti. Anyamata akamva zimenezi amati ndiye zabwinotu, 3 peresenti n’chiyani. Koma 3 peresentiyo siichotsedwa pa ndalama yomwe mwalowetsa mu akaunti, imachotsedwa pa beti iliyonse. Mwalowetsa K5,000, mukuika K500 paraundi. Mukuwina, mukuluza, mukubwezamo zomwe mwawinazo. Pofika maraundi 100 mwazungulitsa K50,000, ndipo gawo la kampani ndi K1,500. Pofika maraundi 300 ndi K4,500. Maraundi 300 pa kandege si nkhani ya mwezi, ndi madzulo ochepa chabe munthu ali chigonere pabedi, makolo akuganiza kuti mwana akuwerenga manotsi pafoni.

Ndiye pali sayansi yonse yomwe achinyamata apanga yowerenga timanambala tomwe timaoneka pamwamba paja. “Kagwa msanga ka 7 kotsatizana, pinki ikubwera.” Ena ali ndi makope momwe amalembamo nthawi, akuti pamphindi yakutiyakuti kamapita patali. Bodza limeneli ndi lakale kuposa agogo athu. Mu August 1913, ku kasino ya Monte Carlo, kampira ka roulette kanagwera pa mtundu wakuda ka 26 kotsatizana. Anthu olemera, ophunzira, anataya chuma chambiri usiku umenewo akuunjika ndalama pa mtundu wofiira, aliyense akuti tsopano basi wofiira wafika. Kampirako kanalibe chikumbumtima. Kandege nakonso sikadziwa kuti kagwa kangati, sikadziwa kuti inu muli ndi ngongole, sikamva chisoni. Raundi iliyonse imayambira pa ziro.

Mchimwene wake wa bodza limeneli ndi “system” yowirikiza. Ukaluza K500 ika K1,000, ukaluzanso ika K2,000, tsiku lomwe uwine ubweza zonse ndi phindu la K500. Pamapepala zimaoneka zanzeru, ndipo masiku oyamba zimayendadi, n’chifukwa chake zimakola anthu. Tawerengani: 500, 1,000, 2,000, 4,000, 8,000, 16,000, 32,000, 64,000. Mukaluza ka 8 kotsatizana mwataya K127,500 pofunafuna K500. Pa kandege, ngati mumatulutsa pa 2.00, kuluza ka 8 kotsatizana kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 200. Wosewera tsiku ndi tsiku akumana nazo ndithu, ndipo ambiri ndalama zimawathera asanafike n’komwe pa raundi ya 6.

Pamwamba pa makampaniwo palinso afisi ena odyera pamsana pa oluza. Pa TikTok, Telegram ndi m’magulu a WhatsApp mwadzaza anthu ogulitsa “predictor” ya kandege, ena “fixed match”, ena VIP odds, tumizani K5,000 pa Mpamba kapena Airtel Money. Enanso ndi asing’anga amakono olonjeza mphete kapena mafuta odzola m’manja musanadine. Funso lake ndi losavuta: munthu amene akudziwadi zotsatira za mawa akufuniranji K5,000 yanu? Bwenzi atagulitsa njinga, n’kuika zonse, n’kukhala chete.

“Komatu ananditumizira zaulere katatu, zonse zinalowa.” Eya, zimathekadi, ndipo njira yake nayi. Tambwali amatenga manambala a anthu 81. Anthu 27 amawauza kuti timu yapakhomo iwina, 27 ena kuti alepherana, 27 otsalawo kuti alendo awina. Gemu ikatha, gulu limodzi lalondola. Amataya enawo, 27 aja n’kuwagawanso patatu. Atsala 9. Kachitatu atsala atatu. Anthu atatu amenewo aona ndi maso awo ulosi ukukwaniritsidwa katatu kotsatizana, ndipo ali okonzeka kutumiza fizi ya temu yonse. Tambwali uja mwina sadziwa ndi dzina la goloboyi wa timuyo.

Chomwe chimapangitsa mabodza onsewa kukhala amoyo n’chakuti timaona owina okhaokha. Munthu akadya K80,000 amaika pa status, amagulira anzake zakumwa, dera lonse limadziwa. Yemweyo akadyedwa K3,000 tsiku lililonse kwa miyezi itatu, palibe screenshot. Pamalonda amationetsa mnyamata atanyamula cheke chachikulu ngati chitseko, koma anthu masauzande omwe anasonkha ndalama ya chekecho saoneka pachithunzi. Ngakhale ubongo wathu umachita zomwezo. Mphwanga amakumbukira bwinobwino tsiku lomwe anawina K9,000, ndi matimu ake, ndi yemwe anagoletsa. Nditamufunsa kuti walowetsa zingati chiyambireni, anati mwina K20,000. Titatsegula mauthenga a pafoni n’kuwonkhetsa, zinadutsa K70,000. Anakhala chete kwa kanthawi ndithu.

Apa ndi pomwe pamabwera mawu oopsa kuposa onse: “Ndingobweza zanga kaye, kenako ndisiya.” Amene ananenapo mawu amenewa akudziwa chomwe chimatsatira. Beti imasiya kukhala yosangalatsa. Umayamba kubetcha ligi za mayiko omwe sungawaloze pamapu, mpira wa pakompyuta wa mphindi zitatu, 2 koloko usiku. Umabwereka kwa mnzako, kenako kwa wakatapila, kenako foni ya mng’ono wako yasowa m’nyumba. Ndalama yomwe inapita inapita. Kampani siikusungirani penapake kuti mudzaitenge mukalimbikira.

Tsono pali mfundo imodzi yomwe sindingaiseke, chifukwa muli zoona. Achinyamata ambiri amati, “Mukutiletsa beti, ntchito zili kuti?” Munthu wamaliza Fomu 4, wina mpaka digiri, ali pakhomo chaka chachitatu. Mitengo ya zinthu ikukwera ngati kandege komweko. K500 siigula chilichonse chooneka, koma patiketi imagula maloto a K1 miliyoni mpaka Lamlungu madzulo. Ndikumvetsa. Chomwe sindivomereza n’kuitcha beti kuti ndi hasulo, kapena geni, kapena “investment” monga ena akunenera masiku ano. Mayi wogulitsa mandasi akaika K5,000 pa ufa ndi mafuta, masiku ambiri amabwerera ndi yoposa K5,000. Wakabaza akapalasa kwambiri amapeza zambiri. Beti ndi malo okhawo omwe ukalimbikira kwambiri, kutaya kwako kumatsimikizika kwambiri, chifukwa maraundi akachuluka mwayi umachepa mphamvu, masamu aja n’kutenga ulamuliro. Kusowa kwa ntchito ndi chifukwa chomveka chomwe munthu amayambira kubetcha, koma sikusintha 0.028 ija.

Akuluakulufe nafenso tili ndi mabodza athu, ndipo tisanamizire ana okha. Timaganiza kuti juga ndi ya anyamata osuta chamba okhala pa shopu ya beti tsiku lonse. Mwana wanga amapita ku kwaya, sangachite. Mtsikana sangachite. Chonsecho shopu yonse inalowa m’foni, ndipo foniyo tinagula ndife. Lamulo la dziko lino silola munthu wosakwana zaka 18 kutchova juga, ndipo bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA, ndi lomwe linapatsidwa udindo woyang’anira zimenezi. Pakhomo pa shopu mwina mlonda akhoza kubweza mwana wovala yunifolomu. Nanga pafoni amubweze ndani, ngati nambala inalembetsedwa ndi chiphaso cha mayi ake kapena cha achimwene ake? Abambo ena amachita kutuma mwana kuti, “Tandiikira timagemu iti, iwe ndiye umadziwa za mafoni.” Kenako tidabwe.

Bodza lathu lina n’loti mwana akalowerera ndiye kuti ndi mwano, kapena amulodza, ndiye mankhwala ake ndi chikwapu kapena kumutengera kokachotsa ziwanda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera kulowerera mu juga ngati matenda, m’gulu loyandikana ndi la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mbali ya ubongo yomwe imathandiza munthu kudziletsa imapitiriza kukhwima mpaka zaka za m’ma 20, pomwe mbali yokonda zosangalatsa imakhala itadzuka kale. Wazaka 16 ali ngati galimoto ya injini yamphamvu koma mabuleki osamaliza kumanga. Kumukalipira kokha kumangomuphunzitsa kufufuta mauthenga. Ndipo manyazi a ngongole ndi oopsa, achinyamata ena amafika poganiza zodzipha chifukwa cha ndalama yoti banja likanakhala pansi n’kuikambirana. Ngati mwafika pamenepo, uzani munthu wamkulu yemwe mumamukhulupirira lero lomwe. Nambala ya 116 ndi yaulere kwa ana ndi achinyamata, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu pa nkhani za maganizo ndi zizolowezi zovuta kusiya.

Kwa a MAGLA ndi aphungu athu, ndili ndi pempho. Ku Britain, komwe ligi yomwe ana athu amabetchayo imaseweredwa, analetsa kubetcha ndi makhadi a ngongole mu 2020. Mu 2022 analetsa kugwiritsa ntchito osewera otchuka omwe ana amawakonda pamalonda a beti, ndipo matimu a Premier League anagwirizana kuchotsa mayina a makampani a juga kutsogolo kwa majezi kuyambira sizoni ya 2026/27. Eni mpirawo aona kuti pali vuto. Kuno mwana wakhala akukumana ndi malonda a beti pa wailesi pakati pa ndemanga za mpira, pazikwangwani za mumsewu, ndi pafoni pomwe. Kamzere kakang’ono koti “18+” pansi pa chikwangwani chachikulu ngati nyumba sikateteza aliyense. Ndiponso aphunzitsi a masamu, mutu wa probability uli kale mu silabasi ya MSCE. M’malo mwa timipira tofiira ndi tobiriwira ta m’thumba, bwanji osabweretsa tiketi ya beti m’kalasi, ana awerengere okha? Ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo palibe angagone.

Za mphwanga uja, sindinamulande foni, ngakhale mayi ake ankafuna choncho. Tinatseka akauntiyo, n’kugwirizana kuti nsapato agula yekha ndi ndalama ya ganyu yotsuka galimoto yanga Loweruka lililonse. Ndinamupatsanso kope. Ndinati popeza ukuti mpira umaudziwa, uzilemba matiketi ako m’menemu monga umachitira kale, ndi ma odds ake, koma osaika ndalama, tidzawonkhetsa limodzi. Patha sabata zitatu tsopano. Pamapepalapo waika K21,000, zabwerera K6,800. Matiketi awiri aphedwa ndi timu imodzi yokha.

Dzulo ndinamuonetsa manambalawo. Anawayang’ana nthawi yaitali, akuluma cholembera. Kenako anati, “Ndaona, amalume. Koma weekend ino Arsenal ili pakhomo.”

Ndamuuza kuti alembe m’kope.